Anabwera Kudzandizonda Lachinayi

Dzino analizula Lachitatu m'mawa, mwezi wa Julayi, sukulu titatsekera. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Linali lakumbuyo, lam'munsi, mbali ya kumanzere, ndipo linandiwawa milungu iwiri ndisanauze munthu, poti ndinkaopa kuvutitsa. Azakhali, amene ndinkakhala nawo ku Mabopane, dera la anthu akuda kunja kwa tauni, anazindikira okha ataona ndikutafunira mbali imodzi ngati mbuzi, ndiye anatumiza uthenga kwa Amayi.

Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ena ku Waterkloof, ndipo ankagona konko, m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Abambo ankasamalira maluwa ndi kapinga ku Menlo Park, nawonso ali ndi kachipinda kawo. Onse awiri anachokera ku Ntcheu n'kuwoloka malire kudzagwira ntchito kuno ine ndisanabadwe. Amayi ndinkawaona Lamulungu limodzi pa milungu iwiri, kuyambira akatsika basi ya m'mawa mpaka akakwera ya madzulo. Chiyambire sukulu ndinali ndisanagonepo nawo m'nyumba imodzi, kupatula pa Khirisimasi.

Masiku amenewo ndinali ndi kope lachikuto chofiira limene ndinkalembamo za tsiku lililonse. Ndinkalemba m'Chichewa chimene Abambo anandiphunzitsa kuwerenga, chifukwa anzanga kusukulu ankalankhula Chitswana, ndipo ngakhale akanalitola sakanamva kanthu. Kopelo ndikadali nalo. Zambiri zimene ndikunena pano ndazipeza mmenemo, zina ndikungozikumbukira.

Za kuchipatala ndinalemba zochepa. Ine ndi Amayi tinalowera khomo la kumbali, la anthu akuda, ndipo tinakhala pabenchi yozizira mpaka dzuwa litakwera. Dokotala anandibaya jakisoni kawiri m'nkhama, n'kutuluka. Atabwerera anandigogoda pachibwano ndi chala, ine osamva kanthu. Ndinangomva phokoso m'mutu ngati munthu akuthyola nthambi youma kutali. Kenako nesi anandiika thonje pabalapo n'kunena kuti ndilume, ndisalankhule. Anandipatsa mapiritsi m'kaenvulopu ndi kapepala kolembedwa m'Chingerezi mbali ina, m'Chibunu mbali inayo.

Titatuluka ndinalunjika kumene kumaimira mabasi a ku Mabopane, koma Amayi anandigwira phewa.

"Kumeneko ayi. Azakhali ako amalawirira kukagulitsa ku siteji, utsala ndi yani? Ukhala ndi ine mpaka Lamulungu."

Ndinawayang'ana. Sindikanatha kufunsa chifukwa cha thonje lija, koma iwo anamva funsolo.

"Ndikudziwa. Iwe ungokhala chete basi. Nanga kukhala chete si ndiye ntchito yako?"

Aliyense wa ife ankadziwa lamulo lake. Mwana wa wantchito sankaloledwa kugona kudera la azungu. Apolisi ankayendera tizipinda ta kuseri, ndipo akapeza munthu wopanda chilolezo ankamutenga, mwini nyumba n'kulipitsidwa. Adona a Amayi anali atanena poyera tsiku lowalemba ntchito kuti mlendo mmodzi masana a Lachinayi, tsiku lopuma antchito, alibe naye mawu, koma mwana kapena mwamuna wogona ayi. Amayi akanachotsedwa ntchito, chipinda chikanapita, ndi chidindo cha m'pasi mwawo chimene chinkawalola kukhala m'tauni chikanapita nacho limodzi. Zonsezi ndinkazidziwa. Komabe m'basi ndinawerenga pa zala: Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, Loweruka. Masiku anayi ogona ndi Amayi.

Tinalowera kageti ka kumbuyo, ka m'kanjira kodutsa otola zinyalala. Amayi anayamba okha kukasuzumira, kenako anandikodola. Kuchokera pagetipo kufika pachitseko anali mapazi khumi ndi awiri. Ndinawawerenga.

Chipindacho chinali chaching'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Munali bedi lachitsulo lokwezedwa pa njerwa, kabati, mpando umodzi, pulayimasi pakona, ndi zenera laling'ono m'mwamba limene linkaonetsa nthambi ya mtengo wopanda masamba. Pansi panali simenti yofiira, yopolishidwa mpaka kuwala. Pamwamba pa chitseko panali belu lamagetsi, la adona akafuna Amayi. Fungo lake linali la sopo, parafini ndi mafuta amene Amayi ankadzola m'manja.

Anandivula nsapato n'kuzikankhira kunsi kwa bedi. Anandiuza malamulo akundivula juzi: osatsegula katani, osatsokomola mokweza, osatuluka. Chimbudzi chinali panja, ndiye anandiikira ndowa kuseri kwa kabati. Zovala zanga sizidzayanikidwa pachingwe.

"Tsopano tandiwerengera kapepalako."

Ndinaloza pakamwa.

"Iii, ndayiwala. Chotsa kaye pang'ono."

Ndinachotsa thonje lija, lofiira lonse, ndipo anandipatsa lina. Mawu ankatuluka olemera, lilime ngati la munthu wina. Osachukucha m'kamwa lero. Osalavula. Osayamwa kanthu. Osadya zotentha kapena zolimba. Osagwira pabala ndi lilime kapena chala. Magazi amene aundana m'dzenjemo asachoke, ndiwo akutseka bala. Kuyambira mawa, madzi ofunda amchere, pang'onopang'ono. Amayi ankabwereza lamulo lililonse chapansipansi, akupinda chala, monga ankachitira ndi mavesi.

Kenako belu linalira, iwo n'kumanga epuloni, n'kutuluka, n'kukhoma chitseko kunja.

Sindikudziwa mmene ndingafotokozere masana amenewo. Sindinkamva kupweteka, sindinkamvanso mantha. Theka la nkhope yanga kunalibe. Ndinkagwira mlomo wam'munsi ndi chala, chala chikumva mlomo, mlomo osamva chala. Dovu linkatsikira pathaulo limene Amayi anayala papilo, ine n'kumangoliona. Anali atandisanjikizira pilo ndi jasi lawo lopinda kuti mutu ukhale m'mwamba. Ndinagona chagada n'kumayang'ana malata. Kunja wina ankasesa masamba. Galu wa nyumba ina anauwa, n'kusiya. Kuwala kwa pazenera kunayenda pakhoma kuchokera pa kalendala kufika pa msomali wopachikapo duku. Ndinkangoti ndili m'chipinda cha Amayi, ndipo maganizo sankapitirira pamenepo.

Ankabwera kamodzikamodzi, mwachangu, ngati akudzatenga kanthu. Ulendo woyamba anatulutsa m'thumba la epuloni ayezi wokulunga m'kansalu kopukutira mbale, n'kundigwiritsa patsaya. Ulendo wachiwiri anabwera ndi kasitadi m'kapu, woziziritsa, wovundikira ndi sosala. Anandidyetsa okha ndi kasupuni ka tiyi, akulowetsa mbali ya kumanja, ngati khanda.

"Meza bwino. Usakoke. Wamva kukoma?"

Ndinapukusa mutu.

"Nanga ndavutikiranji ine? Ndikanangokupatsa phala la madeya."

Ndinafuna kuseka koma mlomo unakana, ndipo iwo anaseka m'malo mwanga, atatseka pakamwa ndi dzanja.

Dzanzi litayamba kutha chakumadzulo, nsagwada inayamba kugunda pang'onopang'ono. Anandimwetsa piritsi, ndipo zonse zinabwereranso kutali. M'kope, patsamba la tsikulo, muli mizere itatu yokha, yopendekeka: "Andichotsa dzino. Ndili kwa Amayi. Palibe akudziwa."

Ndinadzuka Lachinayi ndili wofunda msana wonse. Amayi anali atadzuka kale, koma malo awo pabedi anali adakali otentha, ndipo ndinasunthira pomwepo. Pamwamba panga panali bulangete lachiwiri, labiriwira, limene dzulo lake panalibe. Tsaya linali litatupa ngati ndabisamo ndimu. Anandipangira madzi ofunda amchere n'kundionetsa kachitidwe kake: kumwa pang'ono, kupendeketsa mutu uku ndi uku, kenako kungotsegula pakamwa pa beseni kuti madzi agwe okha.

"Bulangeteli n'la yani?" ndinafunsa.

"La amayi ako aang'ono a kuseri kwa mpandawu. Ndinabwereka dzulo."

Amayi aang'onowo sanali achibale. Ankagwira ntchito nyumba yoyandikana nayo, kwawo kunali ku Ntcheu komweko, ndipo iwo ndi Amayi ankaitanana kuti achemwali.

"Munawauza?"

"Nanga ndikanati ndikufunditsa yani? Koma ndawauza kuti asauze munthu."

Anatero akupukuta beseni, osandiyang'ana.

Lachinayi Amayi ankaweruka akatsuka mbale za masana. Adona nawo tsiku limenelo ankapita kukasewera makhadi ndi anzawo, ndipo ankabwerera cha m'ma faifi. Tinali titapangana kuti masana onsewo tikhala awiriwiri, Amayi andiluka tsitsi. Anali atangomaliza mzere wachitatu, ine nditakhala pansi pakati pa mawondo awo, pamene tinamva kageti kakulira.

"Odi kuno!"

Manja a Amayi anaima m'mutu mwanga.

Anali amayi aang'ono aja, koma sanali okha. Kumbuyo kwawo kunali amayi awiri a kumpingo kwathu, ovala mabulauzi oyera, poti Lachinayi ndilo linalinso tsiku lawo la mapemphero. Anavula nsapato pakhomo chifukwa cha polishi uja, n'kulowa mowerama.

"Achemwali, ndinati chiyani ine?" Amayi ananong'ona.

"Ine ndauza awa okha. Nanga matenda amabisa? Mawa zikavuta mudzati sitinabwere."

"Si matenda, ndi dzino."

"Dzino si matenda? Taonani tsayalo! Pepa mwanawe, pepa."

Anandikweza pabedi n'kundifunditsa mpaka m'khosi, poti wodwala sakhala pansi alendo akabwera. Iwo anakhala pasimenti atatambasula miyendo. Moni anayenda mwadongosolo lake, mmodzimmodzi, kuyambira wamkulu: mwaswera bwanji, wodwala wagona bwanji, tamva uthenga tati tidzaone. Amayi ankayankha aliyense, "Zikomo, mwachita bwino kubwera," maso ali pa wotchi ya pakabati. Kenako anayatsa pulayimasi n'kuteleka ketulo. Munthu wobwera kudzazonda sabwezedwa pakhomo, ndipo sachoka kukamwa kuli kouma. Ndikhulupirira kuti m'mutu mwa Amayi munalibe n'komwe njira ina.

Tiyi asanapse kunabwera Abambo, atavala jekete lawo la Lamulungu. Anaima pakhomo akuyang'ana nsapato zili pamenepo.

"Amake mwana, paja munati ndi chinsinsi?"

"Musandiyambe. Lowani mutseke chitseko."

Anandigwira pamphumi ndi dzanja lawo lokhakhala, n'kutulutsa m'thumba kapepala ka maswiti a tofi, aja ankandibweretsera nthawi zonse.

"Abale inu, taonani bambo awa!" anatero Amayi. "Dzino lathera zomwezi, ndiye mwabweretsa zina zoti zimalize otsalawo?"

"Adzadya akachira."

"Akachira adzadya ndi mano ati?"

Amayi a kumpingo anaseka. Mmodzi anali atabweretsa mtedza wokazinga, winayo masikono ouma a m'khitchini mwa adona ake. Zonse anaziika kumiyendo kwa bedi, ndipo panalibe chimodzi chomwe ndikanatha kudya. Ndinathokoza powomba m'manja pansi pa bulangete.

Omaliza kufika anali Agogo, bambo wachikulire wa ku Dedza amene anali khukhi kunyumba ya kazembe wina kumtunda kwa msewu womwewo. Anthu akwathu onse a m'deralo ankawatcha Agogo, ndipo ndiwo ankatsogolera mapemphero pakagwa maliro. Anabwera ndi mwamuna wina wa m'munda amene sindinkamudziwa. Anawapatsa mpando uja. Tsopano m'kachipindamo tinalimo anthu asanu ndi atatu, mawondo akugundana, magalasi a m'maso a Agogo atachita nthunzi.

"Ali kuti wolumidwa ndi pulayala?" anafunsa. "Tatsegula ndione."

Ndinatsegula pang'ono.

"Aa, limodzi lokha? Mdzukulu, ukulira limodzi? Taona kuno." Anayasamula kundionetsa nkhama zawo, mmene munatsala mano awiri, lina kumwamba lina kunsi, osayang'anizana. "Awa ndi amene anakana kupita. Ndipo nyama ya kazembe ndimalawa ndine."

"Mumalawa kapena mumangoyamwa?" anatero amayi aang'ono.

"Iwe, pakamwa pako mpamene pafunika dokotala. Akuzule lilime."

"Eish, Agogo!"

Kenako inayamba nkhani ya mankhwala. Aliyense anali ndi ake. Mayi wina anati pabalapo paikidwe fodya wa m'mphuno, amapha tizilombo. Mwamuna wa m'munda uja anati kumigodi ankadontheza madzi a m'batire ya galimoto, kamodzi kokha basi. Amayi aang'ono anati zonsezo n'zachabe, mwanayu achukuche mwamphamvu ndi madzi otentha kuti magazi oipawo atuluke, ndipo anayamba kale kuthira madzi a m'ketulo m'kapu.

"Magazi akuda aja asakhalemo. Chukucha, ulavule. Tenga."

Kapu inafika pamaso panga, nthunzi ikutuluka. Ndinayang'ana Amayi, koma iwo anali atatembenuka, akusuzumira pakampata ka katani. Sindinkadziwa kukana munthu wamkulu. Ndinalandira kapuyo ndi manja awiri n'kungoigwira. Kenako ndinapisa dzanja kunsi kwa pilo, ndinatulutsa kapepala ka nesi kaja n'kupatsa Abambo.

Abambo anakatambasula patali ndi maso, n'kuwerenga mwapang'onopang'ono, akumasulira. Atafika pa mawu akuti magazi oundana asachoke, anabwereza kawiri.

"Ndiye kuti dokotala akufuna mwana akhale ndi magazi ovunda m'kamwa?" anafunsa amayi aang'ono.

"Akuti ndicho chitseko chake," anatero Abambo, n'kundilanda kapu ija, n'kumwa okha madziwo. "Ayi, ndi otenthadi."

Nkhani zinapitirira. Anakamba za wina amene anagwidwa wopanda pasi kusiteshoni, za kalata yochokera kumudzi yonena kuti chimanga chavuta, za mtengo wa malata. Piritsi la masana linali litayamba kugwira, ndipo mawu awo ankandifika ngati ndili pansi pa madzi. Ndinkaona milomo ikuyenda, makapu akukwera ndi kutsika. Kunali kofunda. Sindinamvepo Chichewa chochuluka chotero m'chipinda chimodzi, ndipo ndikuvomera kuti mbali ina ya mtima wanga inkakondwa kuti anthu onsewa abwerera ine. Mbali inayo inkayang'ana wotchi pamodzi ndi Amayi. Inali itadutsa hafu folo.

"Agogo," Amayi anatero mwaulemu, akusonkhanitsa makapu, "nthawi ija adona amabwera yayandikira."

"Zoona, mwana wanga, zoona. Tisachedwe. Tingopemphera kaye, tizipita."

Wodwala sasiyidwa wopanda pemphero. Amayi a kumpingo anayambitsa nyimbo chapansipansi, vesi limodzi lokha, koma pofika kumapeto mawu anali atakwera okha, Abambo akuikira besi. Kenako Agogo anagwada movutikira, atagwira m'mphepete mwa bedi, ndipo onse anatseka maso.

Agogo sankadziwa pemphero lalifupi. Anayambira pa ine, nsagwada yanga ndi dokotala amene anandigwira. Anapita kwa Amayi ndi Abambo, kwa Azakhali ku Mabopane, kwa ana onse okulira kutali ndi makolo awo. Anawoloka malire n'kufika ku Dedza, ku Ntcheu, ku Balaka, akutchula odwala ndi amasiye mudzi ndi mudzi. Ali pakati pa kupempherera mvula ya chaka chamawa, ndinamva galimoto ikukwera kanjira ka kutsogolo, matayala akuphwanya timiyala.

Ndinatsegula maso. Amayi nawo anali atatsegula. Tinayang'anana pamwamba pa mitu yowerama. Ndinaona milomo yawo ikutseguka, n'kutsekanso. Munthu wamkulu akulankhula ndi Mulungu, ndani angamugwire paphewa kuti afupikitse? Chitseko cha galimoto chinamenyedwa. Agogo anali pa atsogoleri a mayiko. Belu la pamwamba pa chitseko linalira kamodzi, lalitali, ndipo mayi wina anadzidzimuka, koma Agogo anangokweza mawu kuti alipose. Amayi anatsekanso maso, manja atawafumbata pachifuwa.

Ndinamva nsapato zazitali zikubwera pasimenti ya kuseri. Zinaima pakhomo, pamene panali mulu wa nsapato zathu.

"Ameni," anatero Agogo.

"Ameni," tinayankha, ndipo chitseko chinatseguka.

Ndinali ndisanawaonepo adonawo. Anali mayi wamfupi, woonda, wa tsitsi lotuwa, atanyamula makiyi m'manja. Ine ndinkaganiza kuti adzakhala wamtali. Anaitana Amayi ndi dzina limene anawapatsa okha, losakhala lawo, n'kufunsa m'Chibunu kuti chikuchitika n'chiyani pamalo pawo. Sanakalipe. Maso awo anayenda pa munthu aliyense, milomo ikuwerenga, mpaka anafika pabedi.

"Uyu ndi ndani?"

Amayi anaimirira. Akanatha kunena kuti ndabwera ndi alendowo, ndipo ndikudziwa kuti onse akanavomereza. Koma ndinali m'mabulangete, tsitsi loluka theka, nditavala juzi lawo.

"Ndi mwana wanga, adona. Anamuchotsa dzino dzulo."

"Wagona muno?"

"Inde, adona."

Adona anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinkayang'ana makiyi awo.

"Sindinkadziwa kuti ndi wamkulu chonchi," anatero. Kenako anatembenukira kwa Amayi. "Ukudziwa zimene zingachitike apolisi atadutsa pano? Nyimbo yanu ndaimvera kumsewu. Anthu a nyumba iyo aimvanso. Ukufuna ndilowe m'mavuto chifukwa cha dzino?"

"Pepani, adona."

Agogo, amene ankadziwa kulankhula ndi azungu, anayamba kufotokoza m'Chingerezi chawo cha kukhitchini kuti kwathu munthu akadwala timabwera kudzamuona, ndipo cholakwa n'chawo iwo monga wamkulu. Adona anawadula ndi dzanja.

"Bwana abwera sikisi. Asapeze munthu pano, ngakhale mwanayu. Sindiwauza, koma zisadzachitikenso. Kuyambira lero alendo ayi, ngakhale Lachinayi." Anayamba kuchoka, n'kutembenukanso. "Ndipo ndikukufuna kukhitchini. Tsopano."

Nsapato zija zinabwerera. Pulayimasi inali itazima kale.

Anthu anatuluka mmodzimmodzi, akufunafuna nsapato zawo mumulu uja. Aliyense anandigwira dzanja. "Uchire, mwanawe." Amayi aang'ono anali akulira mwakachetechete.

"Achemwali, ine sindinadziwe kuti zifika apa."

"Pitani bwino, achemwali. Mwachita bwino kubwera," anatero Amayi, ndipo sindikudziwa mpaka lero ngati ankanyoza kapena ankanena zoona. Mwina zonse ziwiri.

Anagwada n'kutulutsa nsapato zanga kunsi kwa bedi, n'kundiveka okha, ngakhale ndikanatha kuvala ndekha. Tsitsi analisiya momwemo, mizere itatu yoluka, kwina konse kosaluka. Anachotsa duku pamsomali n'kundimanga kuzungulira chibwano mpaka pamutu kuti mphepo isalowe pabala. Mapiritsi ndi kapepala anaika m'thumba la jekete la Abambo, n'kumenyapo kawiri.

"Mukawauze achemwali anu: madzi ofunda, osati otentha. Phala lozizira. Asamupatse buledi wolimba mpaka Lolemba. Mwamva?"

"Ndamva."

"Bwerezani."

Abambo anabwereza.

Ine sindinalire. Ndinkayembekeza kuti misozi ibwera koma sinabwere. Ndinkangoona zinthu: epuloni ikumangidwa, bulangete labiriwira likupindidwa, mtedza uja utasiyidwa pabedi. Kwathu mlendo amaperekezedwa mpaka pamphambano, ndipo mwana wodwala ndiye koposa. Amayi anafika pakageti pokha. Anandikonza duku, ngakhale linali bwinobwino, n'kubwerera mothamanga, chifukwa mbatata za chakudya cha bwana zinali zisanasendedwe.

Basi ya ku Mabopane inali yodzaza ndi anthu oweruka kuntchito. Mayi wina ataona tsaya langa anandipatsa malo pazenera, Abambo n'kuima pambali panga atagwira chitsulo. Njira ndi yaitali, ndipo basi ikagunda m'maenje nsagwada inkayankha. Titadutsa mapiri, nyumba za azungu zitatha, Abambo anawerama.

"Wakwiya nawo anthu aja?"

Ndinapukusa mutu. Sindinkadziwa.

"Akanapanda kubwera, amako akanadandaula kuti alibe anthu kuno. Abwera, ndi izi." Anasuzumira pazenera. "Komabe Agogo aja, pemphero lawo lija, akanangothera pa Dedza."

Ndinamva kuseka kukubwera, ndipo ndinagwira tsaya ndi manja awiri kuti bala lisatseguke.

Ntchito Amayi sanachotsedwe. Anakhala panyumba imeneyo zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo m'zaka zonsezo palibe mlendo analowanso m'kachipinda kaja, ngakhale Abambo. Lachinayi ankakumana ndi anzawo pakapinga ka m'mbali mwa msewu. Ine sindinapondenso pamalopo. Pa masiku anayi aja ndinapeza limodzi.

Azakhali anatsata malamulo onse, ndipo anamaliza kundiluka tsitsi Loweruka, akudandaula kuti mizere ya Amayi ndi yothina. Kutupa kunaphwa Lolemba. Lamulungu lotsatira linali la Amayi. Ndinawadikira pamsewu, ndipo atatsika basi sanandipatse n'komwe moni. Anaika chikwama pansi, anandigwira chibwano n'kunditembenuzira kudzuwa, anthu akudutsa.

"Tsegula. Kwambiri."

Anasuzumira nthawi yaitali, mpweya wawo ukundifika pamphuno.

"Pakutsekeka," anatero. "Tanyamula chikwamacho, tiye."